Usanakumbe Maziko ku Chikwawa

Area 23, Lilongwe
Lachisanu masana

Mwana wanga Takondwa,

Ndadzitsekera kuchipinda kuti ndikulembere, chifukwa sabata yonseyi sindinakupeze uli wekha. Ukachoka kwa telala uli ku kwaya, ukachoka ku kwaya uli ndi alangizi. Panjapa azakhali ako akukangana za thobwa, ine ndawauza kuti ndikufuna ndipumeko pang'ono. Mawa ukwati ukatha amuna ako akutenga, ndipo Lolemba mukwera basi ya ku Chikwawa. Kalatayi usaiwerenge mothamanga. Udzaiwerenge mukafika, utapuma.

Alangizi akuuza zambiri za m'banja, ndipo ine sindibwereza. Koma palibe amene wakuuza za pomanga nyumba. Imeneyo ndiye nkhani yanga.

Tsiku la chinkhoswe ndinamva mkamwini wanga, a Mbewe, akufotokozera amalume ako za puloti imene awaonetsa pafupi ndi sukulu imene akukaphunzitsa. Anati malo ake ndi athyathyathya, dothi lakuda bii, ndipo mtsinje uli pafupi koma ndi mchenga wokhawokha, ana amachita kusewerapo mpira. Amalume ako atafunsa za madzi, iwo anayankha kuti, "Ayi amalume, eni dera akuti chibadwire chawo madzi sanafikepo pamenepo." Ine ndinali kumbuyo ndi mbale m'manja. Sindikanatha kuwadula mawu apongozi anga pagulu. Koma mawu amenewo ndinawamvapo kale, ndipo ndikufuna udziwe kumene ndinawamva. Zimene zinatichitikira ku Chinsapo unaziona ndi maso ako, koma sudziwa mmene tinafikira pamenepo.

Tinachoka ku Ntcheu iwe usanayambe sukulu, chaka chimene chimanga chinapsa m'munda chisanamasule. Bambo ako anali kalipentala, ndiye anati m'tauni sitingagone ndi njala bola anthu akufuna zitseko ndi mipando. Tinachita lenti ku Kawale, chipinda chimodzi ndi balaza, chimbudzi chogawana ndi mabanja ena. Patapita zaka zingapo tinatopa nazo za lenti. Bambo ako anamva kuti ku Chinsapo, chakumunsi kufupi ndi mtsinje wa Lilongwe, kuli puloti yotsika mtengo. Tinapita kukaiona mwezi wa Okutobala. Udzu unali utapsa, nthaka itang'ambika, mtsinje uli kutali komanso wowonda moti ndinauwoloka chitenje osanyowa. Wogulitsa anali bambo wachikulire, a Gwaza, mbadwa ya komweko. Ndinawafunsa kuti, "Abambo, nanga dzinja madzi amalekeza pati?" Iwo analoza ndi ndodo. "Mwauona mkuyu uwo? Amalekeza pamenepo. Ine ndinabadwira pano, mayi. Kuno madzi sanakwerepo."

Mvetsetsa, Takondwa, a Gwaza sanatinamize. Anali munthu woona mtima, ndipo ananena zimene maso awo anaona. Koma mtsinje umene iwo ankaudziwa unali wa nthawi imene m'mphepete monse munali bango ndi mitengo, kumtunda kulibe nyumba zambiri. Komanso ife tinafika pambuyo pa zaka zotsatizana za mvula yochepa, pamene dambo lililonse linkaoneka ngati bwalo. Munthu akakuuza kuti madzi sanafikepo, wakuuza za dzulo. Nyumba umamangira mawa.

Zizindikiro zinalipo, kungoti sitinkadziwa kuziwerenga. Kumunsi kwa pulotiyo kunali zitsamba, ndipo m'nthambi mwake munali mutakodwa majumbo ndi zinyalala zouma, pamsinkhu wa m'chiuno mwanga. Ndinaganiza kuti ndi mphepo. Pokumba maziko, pansi pa dothi lakuda panatuluka mchenga wosalala ngati wosefa. Bambo ako anakondwa kuti sitivutika kugula mchenga. Sitinadzifunse kuti mchenga umenewo anaubweretsa ndani. Ndipo nyumba zonse za mbadwa, kuphatikizapo ya a Gwaza eni ake, zinali kumtunda. Kumunsi kunali ife obwera. Ukakafika ku Chikwawa, yang'ana kumene eni dera anamanga, kumene kuli manda awo, kumene kuli tchalitchi chawo chakale. Kenako yang'ana kumene akukulozerani inuyo alendo. Malo abwino akakhala opanda munthu, funsa chifukwa chake. Safunsa anadya phula.

Tinamanga ya zidina, zomata ndi dothi, denga la malata. Tinakhala bwino, sindinganame. Ndinali ndi dimba la mpiru ndi tomato, madzi a chitsime ali pafupi, ndipo ndalama ya fizi yako yambiri inachokera m'dimba limenelo. Woyandikana nafe anali Che Amidu, ukuwadziwa, mmisiri wa zidebe ndi mbaula wochokera ku Mangochi. Iwo asanamange anayamba aunjika dothi, nyumba yawo n'kukhala pamwamba ngati pachulu, mizere ya m'munsi ya njerwa zowotcha. Tsiku lina anawauza bambo ako kuti, "Achimwene, kwezaniko khonde ili, muzungulize njerwa zowotcha m'munsimu. Mtsinje ndi mnzako wa chilimwe." Bambo ako anavomera kuti, "Mwanena zoona, Che Amidu. Tichita tikangopeza simenti." Simenti ikapezeka pankakhala china chofunika msanga, mwina yunifomu, mwina maliro kumudzi. Dzinja linkadutsa popanda vuto, ndipo dzinja lililonse lodutsa bwino linkatitsimikizira kuti palibe chothamangira. Samala nazo zaka zabwino, mwana wanga. Zimagoneka munthu tulo.

M'zaka zimenezo dera linasintha ife tikuona. Anthu anadula mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje kuwotchera mauvuni a njerwa. Bango linatha. Okumba mchenga anagumula magombe. Kumtunda kunadzaza nyumba za malata, moti mvula ikagwa madzi analibe polowera pansi, ankangotsetsereka m'tinjira mpaka tinjira tinasanduka ngalande. Nayo mvula inasintha khalidwe. Tili ana kwathu, chizimalupsa chikagwa tinkadziwa kuti yobzalira yayandikira, ndipo ikayamba inkagwa mwaulemu, mvumbi wa masiku angapo wolowa pansi. Masiku ano imachedwa, ikabwera imakhuthula masana amodzi madzi amene kale ankagwa sabata yathunthu, kenako n'kusowa. Sindine wa zanyengo, koma ndalima moyo wanga wonse ndipo ndikuona. Choncho poyeza malo usangoyang'ana pulotiyo. Yenda chokwera mtsinje, ukaone chimene chikuchitika kumene madzi amachokera. Ngati kumapiri akuwotcha makala, dziwa kuti nkhani imeneyo idzakupeza pakhomo.

Madzi anabwera dzinja lija lotsogolera njala ya 2002. Iwe unali kusukulu. Chimene ndikufuna usaiwale ndi ichi: tsiku limenelo ku Chinsapo sikunagwe mvula. Dzuwa linkawala, ine ndinali nditayanika zovala. Kungoti chakumadzulo, cha ku Dzalanyama kumene mtsinje umachokera, kunali kutada kuyambira m'mawa. Cha m'masana ndinamva mkokomo ngati lole ikutsitsa miyala. Ndisanadziwe chimene chikuchitika, Che Amidu anafuula ali pa khonde lawo. "Amake Takondwa, tulukani! Madzi! Thawirani kumtunda!" Nditasuzumira kumunsi, dimba langa kunalibe. Kunali madzi ofiira, atanyamula nthochi zathunthu, mbuzi, ndi chitseko cha chimbudzi cha munthu wina. Ndinathamangira m'nyumba kuti ndikakoke thumba la chimanga. Ndili mkati molimbana nalo, madzi analowa pakhomo mpaka m'mawondo. Che Amidu anandigwira pamkono. "Siyani, mayi! Chimanga tidzagawana!" Tinatuluka madzi akutikankha m'miyendo, ine ndili ndi chitenje chimene ndinavala basi.

Tinaima kumtunda ndi anthu ena, tikuyang'ana. Madzi anafika pa mawindo. Zidina zikamwa madzi sizigwa mwaphokoso, zimangofewa, khoma n'kukhala pansi ngati munthu wotopa. Dzuwa lisanalowe khoma lakumbuyo linali litapita, denga litapendekeka. Ya Che Amidu madzi analowa, katundu ananyowa, koma inaima. Bambo ako anafika kuchokera ku ntchito akuthamanga, utuchi uli m'mutu. Anayang'ana nyumba, n'kuyang'ana ine. "Mwana ali kuti?" Ndinati uli kwa anzako kumtunda, ndatumiza uthenga kuti usatsike. "Inu mwavulala?" Ndinati ayi. Iwo anati, "Basi. Zinazo ndi dothi."

Kuchokera pa tsiku limenelo tenga izi. Mtsinje wamchenga umene ana akusewerapo mpira umadzadzidwa ndi mvula imene iwe sunaione. Kumapiri kukada, chotsa ana ndi ziweto kumunsi ngakhale pakhomo pako pali dzuwa. Gwirizanani ndi amuna ako dzinja lisanayambe kuti madzi akabwera mudzathawira kuti, podzera njira iti, ndipo wina akakhala kusukulu wina kunyumba mudzakumana pati. Masatifiketi ndi mabuku a kuchipatala muziwasunga m'jumbo, pamwamba, poti mutha kutenga ndi dzanja limodzi. Ndipo ukatuluka watuluka. Usabwerere m'nyumba chifukwa cha thumba la chimanga.

Tsopano za bambo ako. Tinkagona ku tchalitchi pamodzi ndi mabanja ena, ndipo madzi ataphwa iwo anayamba kutsika tsiku ndi tsiku kukapulumutsa malata ndi mitengo ya denga. Zimbudzi zonse za kumunsi zinali zitagumuka, ndipo madzi anali atadutsa pamwamba pa chitsime chathu. Koma matope atadikha, madzi a m'chitsimemo anayera mbee. Kunkatentha, ntchito inali yolemetsa, ndiye ankatunga n'kumwa. Nditawafunsa anati, "Ayeratu ngati a pampopi, amake mwana. Ndi chitsime chathu chomwe chija." M'mawa wina anadzuka atatsegula m'mimba. Tinayesa ndi kutsegula wamba, ndinawawiritsira masamba a gwafa. Pofika masana maso anali atalowa, miyendo ikukokana, mawu osatuluka. Galimoto sizinkafika kwathu chifukwa msewu unali utaduka. Che Amidu anawakweza pa njinga yawo, iwo akukankha ine nditawagwira kumbuyo, mpaka ku msewu waukulu. Kuchipatala anatilandira msanga ndipo anayesetsa, koma anati kolera sadikira, thupi linali litatha madzi. Anamwalira tsiku lomwelo.

M'dera lathu madzi osefukira sanaphe munthu tsiku limene anabwera. Anthu tinawaika m'manda pambuyo pake, dzuwa likuwala. Choncho madzi akaphwa usati zatha. Madzi akumwa uziwiritsa kapena kuthira mankhwala, ngakhale ayere bwanji. Chimbudzi chikhale kumunsi ndi kutali ndi chitsime. Munthu akatsegula m'mimba nthawi ya mvula, mupatse madzi a mchere ndi shuga muli pa ulendo wa kuchipatala, osati mukudikira kuti muone mawa. Ndipo posankha malo, funsa ngati msewu wa kuchipatala umadutsika dzinja. Funso limenelo ife sitinaliganizeko n'komwe.

Chaka chotsatira unachiona wekha. Mvula yomweyo inali itawoletsa chimanga m'minda, kumudzi ku Ntcheu kumene tinkadalira kunalibe chotitumizira, ndipo tinadya gaga. Ine ndinalumbira kuti sindidzakhalanso pafupi ndi madzi. N'chifukwa chake ndinabwera kuno ku Area 23, pamtunda pamiyala pano, pamene ngakhale mvula igwe bwanji madzi sangaime. Ndinafunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi pamasefukira? Atati ayi, ndinakhutira. Ndinapezanso munda wobwereka kunja kwa tauni. Dzinja la 2005 mvula inayamba bwino, ndiye ndinabzala mbewu yonse ndi kuthira feteleza yense nthawi imodzi, chimanga chokhachokha kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Chinakula chobiriwira, anthu odutsa ankachita kuima. Mu Febuluwale, chikungoyamba ngaiyaye, mvula inadula. Tinkayang'ana kumwamba tsiku ndi tsiku, mitambo imasonkhana n'kubalalika. Chinafota chili chiimire. Mayi wina wolima moyandikana nane anali atagawa munda wake, kwina chimanga, kwina mbatata, m'malire chinangwa ndi nandolo. Chimanga chake chinapsa ngati changa, koma ana ake sanagone ndi njala. Pakhomo pano chitsime chinauma chilimwe chisanafike pakati, ndipo ukukumbukira mizere ya zidebe ku kiyosiki ya madzi. Ndinathawa madzi n'kukapeza ludzu.

Ndiye mafunso ndi awiri, Takondwa, ndipo amayendera limodzi. Madzi akachuluka, pano pamakhala bwanji? Madzi akasowa, pano pamakhala bwanji? Munthu amene walumidwa ndi chimodzi amaiwala chinacho, monga ndinachitira ine. Kumene ukupitako ndamva kuti zonse ziwiri zimachitika, nthawi zina chaka chimodzi chomwecho, munda kukokoloka mu Januwale, zotsala n'kupsa mu Malichi. Ukaona eni dera akubzala mapira ndi mchewere usawaseke kuti iwe ndi wa ku Lilongwe wodya chimanga. Bzala zimene iwo akubzala, chimanga chikhale chowonjezera. Usabzale mbewu yonse pa mvula yoyamba, sungako ina. Ukakolola usagulitse mpaka utaona kuti za m'munda za chaka chinacho zakhwima. Funsa ngati mjigo wa pafupi umatulutsa madzi mu Okutobala, osati mu Epulo. A zanyengo akamalankhula pa wailesi uzimvera. Nthawi zina amaphonya, koma kuphonya kwawo sikupweteka ngati kusamva kwako.

Za amuna ako. A Mbewe ndi munthu wabwino, wofatsa, ndipo akufuna kukumangira nyumba yako msanga kuti usavutike ndi lenti. Bambo ako analinso otero. Usakafike ndi mawu akuti "amayi akuti," chifukwa mwamuna amene wangokwatira safuna kumva kuti apongozi akumuyendetsera banja. Ukawapemphe chinthu chimodzi chokha, kuti mukhale m'nyumba ya sukulu kapena ya lenti mpaka mutaona dzinja lathunthu ndi chilimwe chathunthu. Mvula yaikulu ikagwa, m'mawa mwake uwauze kuti, "Tiyeni tikayende, tikaone puloti yathu." Mukaime pamenepo nonse awiri, nsapato zili m'manja. Zimene mudzaone simudzakangana nazo.

Ndipo pofunsa anthu, usafunse wogulitsa yekha. Pita ku mjigo m'mawa, ukacheze ndi amayi amene akhalitsa kumeneko. Usawafunse kuti kodi madzi anafikapo pano, chifukwa funso limenelo yankho lake ndi lophweka. Afunse kuti ulendo watha madzi analekeza pati, ulendo winawo analekeza pati, nanga iwo ali atsikana ankalekeza pati. Ukaona kuti malirewo akukwerakwera, dziwa kuti sanamalize kukwera. Afunse kuti anathawira kuti, ndipo sukulu inatsekedwa kapena ayi. Yang'ana makoma a sukuluyo ndi a nyumba zakale ngati ali ndi mzere wa matope. Yang'ana m'nthambi za zitsamba. Kumba pang'ono uone chimene chili pansi pa dothi lakudalo. Dothi lakuda la m'mbali mwa mtsinje ndi lachonde chifukwa madzi ndiwo analiyala pamenepo, ndipo madzi saiwala khwawa. Limani kumunsiko ngati mukufuna, koma mugone kumtunda. Mukadzamanga, maziko akhale okwera, a njerwa zowotcha ndi simenti, ngakhale zitatanthauza kuti nyumba ikhale ya zipinda ziwiri m'malo mwa zinayi. Khonde limene mwati mudzakweza chaka chamawa silikwezedwa.

Mwezi watha ndinapita ku Chinsapo kukapereka khadi la ukwati wako kwa Che Amidu. Akalamba, koma akuti abwera mawa ndipo akupangira mbaula. Iwo anasamukira kumtunda kalekale. Pobwerera miyendo inanditengera kumunsi, kumene sindinapondeko chiwaikire bambo ako. Puloti ija ine ndinangoisiya, sindidziwa amene anaigawanso. Ndinapeza pali nyumba ya zidina, yomangidwa pa maziko athu omwe aja. Kumunsi kwake kuli nyumba zina, mizere mizere mpaka pagombe penipeni. Pakhonde panali mtsikana wa msinkhu wako, mwana ali kumbuyo, akutsuka mbale. Anandipatsa moni, n'kundiyalira mkeka. Ndinamuuza kuti ndinakhalapo pamenepo. Ndinamuonetsa pamene madzi anafika, ndinamuuza za chitsime, ndinamuuza za bambo ako. Anamvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza, manja ali m'beseni. Kenako anati, "Zikomo amayi, tinamva ndithu kuti kuno kumabwera madzi. Koma nanga tipite kuti? Kumtunda malo anatha, ndipo lenti sitingaikwanitse."

Ndinangomuuza kuti kumadzulo kukada azitenga mwana n'kukwera kumtunda, ndipo aziwiritsa madzi. Anavomera, n'kupitiriza kutsuka mbale zake.

Mtsikana ameneyo akudziwa zonse zimene ndakulemberazi, koma alibe kopita. Iwe uli nako. Amuna ako ali pa ntchito, simunakumbe maziko, ndipo palibe amene akukuthamangitsani. Anthu ambiri m'tauni muno sanapatsidwe mwayi wosankha pogona. Iwe wapatsidwa. Usautaye chifukwa cha dothi lakuda ndi mawu okoma a mu Okutobala.

Uyende bwino, mwana wanga. Mulungu akusunge pamodzi ndi amuna ako.

Ndine mayi ako,
Nangozo